Mwana akafuna kuphunzira ntchito yoyeza maso: yankho langa kwa bambo a ku Dómuè

 Ine ndine mwana wa kuno ku Angónia. Ndinakulira m'mizere ya mbatata ngati inu nonse, ndipo wailesi yathuyi ndinayamba kuimvera ndili kamtsikana kotumidwa kukagula mabatire. Lero ndimagwira ntchito yoyeza maso, imene pa Chipwitikizi amati optometria.

Chandibweretsa ndi kalata imene bambo wina wa ku Dómuè analembera ku pologalamu ya zaumoyo. Anati mwana wawo wamkazi, amene ali ku sekondale, wakakamira kuti akufuna kukaphunzira za maso ku Nampula. Ndiye akufunsa kuti, kodi ndigulitse ng'ombe zanga ziwiri zapagoli kuti mwanayo akangokhala wogulitsa magalasi? Funso limeneli si loseketsa ayi. Ng'ombe zapagoli ndiye munda, ndipo munda ndiye nsima ya banja lonse. Bambo, ngati muli muno kapena wina akakuwerengerani kapepala ka kalabuka, ndikuyankhani monga mwana wanu.

Ndiyambe ndi mawu aja akuti wogulitsa magalasi. Amayi anga anali osoka. Atadutsa zaka 40 anayamba kuvutika kulowetsa ulusi pa singano, ndipo Baibulo ankaligwirira kutali mpaka mkono kutha. Ankati ndi ukalamba basi, makina anawaphimba ndi chitenje. Chimene chinkawavuta chimagwira munthu aliyense pa msinkhu umenewo: kagalasi kachilengedwe ka mkati mwa diso kamauma, n'kusiya kuona bwino zapafupi. Anakhala zaka zingapo osasoka chifukwa chosowa magalasi owerengera a +2.00, otsika mtengo kuposa nkhuku ziwiri.

Amalume anga nkhani yawo inali ina. Iwonso ataona kuti maso akuchita mdima anakagula magalasi pamsika, n'kumasinthasintha chaka ndi chaka. Palibe anayang'ana mkati mwa diso lawo. Atafika kuchipatala anauzidwa kuti ndi glaucoma, nthenda imene imaononga mtsempha wa diso mwakachetechete, kuyambira m'mbali, ndipo choonongekacho sichibwerera. Anamwalira akutsogoleredwa ndi mdzukulu. Anthu awiriwa dandaulo lawo linali limodzi, lakuti sindikuona bwino. Wina ankangofunika magalasi, wina ankafunika kuthamangitsidwa kwa dokotala. Kusiyanitsa awiriwa ndiye ntchito yanga. Wogulitsa pamsika sangathe, ndipo si mlandu wake, sanaphunzire.

Tsono kuti tisasokonezeke, anthu a maso alipo a mitundu ingapo. Pali oftalmologista, dokotala amene anamaliza maphunziro onse a udokotala kenako n'kuonjezera zaka zina pa maso. Ameneyu ndiye amachita opaleshoni ya ng'ala ndi matenda akuluakulu. Pali técnico de oftalmologia, amene amaphunzira ku Instituto de Ciências de Saúde, ndipo ndi amene ambiri mwa inu mumamupeza kuchipatala cha boma. Pali ife a optometrista, amene timayeza mphamvu ya maso, kulemba nambala ya magalasi, kuthandiza oona movutikira kwambiri monga abale athu achialubino, ndi kuzindikira matenda oyenera kutumizidwa kwa dokotala. Ndiyeno pali wodula magalasi n'kuwalowetsa m'mafelemu. Mwana asananene kuti ndikufuna za maso, adziwe kaye kuti akufuna iti mwa zimenezi, chifukwa makomo ake ndi osiyana.

Maphunziro a optometria m'dziko lathu ndi atsopano. Anayamba mu 2009 ku Universidade Lúrio, imene timangoti UniLúrio, ku Faculdade de Ciências de Saúde ku Marrere mumzinda wa Nampula. Anakhazikitsidwa mothandizana ndi Dublin Institute of Technology ya ku Ireland ndi mabungwe ena, ndi ndalama za Irish Aid, ndipo anali oyamba a mtundu wake m'maiko a mu Africa olankhula Chipwitikizi. Pofika 2013 omaliza oyamba anali atatuluka. Taganizani: isanafike nthawi imeneyo dziko lonseli, kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo, linalibe sukulu yophunzitsa ntchitoyi. Maphunzirowa ndi a zaka 4, ndipo womaliza amalandira licenciatura. Kwa anansi athu ku Malawi maphunziro onga omwewa ali ku Mzuzu University, koma kumeneko n'Chingerezi chokhachokha, ndipo amene waphunzira kunja amayenera kudzatsimikiziritsa mapepala ake kuno asanayambe ntchito. Kwa mwana wophunzira m'Chipwitikizi njira yowongoka ndi ya ku Nampula.

Polowera pake pamayambira kutali, mwana adakali ku sekondale. Ife m'nthawi yathu tinkasankha gawo polowa 11ª classe, ndipo wofuna za umoyo ankatenga gawo la sayansi, la Biologia, Química, Física ndi Matemática. Bambo a ku Dómuè, ichi ndiye choyamba kufunsa mwana wanu, musanakhudze chingwe cha ng'ombe: ali gawo liti, ndipo Física akumupeza bwanji? Ambiri amaganiza kuti za maso ndi Biologia yokha. Ayi ndithu. Theka la ntchito yathu ndi kayendedwe ka kuwala. Ndipereke chitsanzo. Mphamvu ya galasi timaiyeza ndi dioptria. Mwana wofunika magalasi a -2.00 amaona bwino mpaka theka la mita basi, chifukwa 1 kugawa ndi 2 ndi theka. Kupitirira pamenepo zonse ndi nkhungu, bolodi la m'kalasi ndiye osanena. Amene masamu otere amamutsekula mutu adzasangalala ndi maphunzirowa. Amene amathawa tsiku la Física aganize kawiri.

Ukamaliza 12ª classe pamabwera exame de admissão. Yunivesite imatulutsa chikalata chotchedwa edital, kawirikawiri chakumapeto kwa chaka, ndipo m'menemo mumalembedwa zonse: maphunziro amene udzayesedwe, malo alipo angati, ndalama zolembetsera, masiku ake ndi kumene mayeso adzachitikire. Achinyamata inu, edital werengani nokha, wa chaka chimenecho, osati kumva kwa mnzanu amene analemba zaka zitatu zapitazo, pakuti zinthu zimasintha. Masiku ano zambiri zimadzera pa intaneti, ndiye pezani mphunzitsi kapena wina wa foni yabwino akuthandizeni nthawi ikadalipo. BI ikhale yosatha ntchito, setifiketi ya 12ª classe ikhale m'manja, ndipo dzina lilembedwe mofanana pa mapepala onse. Ndinaonapo mnzanga akulira pakhomo la ofesi chifukwa cha chilembo chimodzi chosiyana pa dzina la bambo ake.

Ndinene poyera kuti ine chaka choyamba ndinalephera. Ndinkadziona ngati wanzeru chifukwa kusukulu kwathu ndinali m'gulu la oyamba, koma kumayesowa umapikisana ndi ana a ku Beira, Quelimane ndi Nampula amene anakhala ndi labotale ndi mabuku. Ndinabwerera kumunda ndi manyazi. Chaka chimenecho ndinasonkhanitsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, tinapanga kagulu ka anthu anayi, tinkakumana masana tikaweruka kumunda, aliyense n'kumaphunzitsa anzake chimene amachidziwa bwino. Ulendo wachiwiri ndinalowa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambi umenewu ukuchita ngati anaupangira ife a maso.

Chenjezo limodzi kwa makolo. Pa nyengo ya mayeso pamatuluka anthu oti ine ndili ndi m'bale wanga mkatimo, ndipatseni zakuti mwana alowe. Musapereke ngakhale metikali imodzi. Ndalama zovomerezeka zimalipidwa monga edital wanenera, ndipo mumasunga lisiti. Zinazo n'kutaya mbewu pamwala.

Tsopano za ndalama, poti ndi pamene pagona funso la bambo aja. Pa yunivesite ya boma zolipira kusukulu si zimene zimathyola msana kwambiri. Cholemera ndi moyo wa tsiku ndi tsiku: lendi, chakudya, chapa yopita ku Marrere, mafotokope, yunifolomu yoyera, ndi ulendo. Nampula ndi kutali, abale. Kaya udzera ku Malawi n'kukatulukira ku Milange kapena ku Mandimba ndi Cuamba, kaya uzungulira ku Inchope ndi pa mlatho wa Caia, si ulendo wa tsiku limodzi, ndipo wodzera ku Malawi afunika mapepala odutsira malire. Ine ndinkabwera kwathu kamodzi pachaka. Kuli bolsa de estudo, za Instituto de Bolsas de Estudo ndi zina za yunivesite, koma opempha ndi ambiri, choncho pemphani msanga koma musawerengere ngati ili kale m'thumba.

Ndiye malangizo anga ndi awa, bambo: ng'ombe zapagoli musagulitse. Maphunzirowa safuna ndalama zambiri tsiku limodzi, amafuna ndalama zochepa mwezi ndi mwezi kwa zaka 4. Ng'ombe mukagulitsa, ndalamazo zidzatha chaka chachiwiri chisanathe, ndipo chachitatu mudzakhala mulibe ndalama, mulibenso cholimira. Zisiyeni zilime. Patulani ndime imodzi ya mbatata kapena nyemba kuti iyi ndi ya sukulu, ndipo khalani pansi ndi amalume ake a mwanayo ndi abale ena, aliyense anene mwezi umene adzatumize kangachepe. Kwathu tinatero. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga kumeneko amaphunzira chiyani? Poyamba ndi maziko: kapangidwe ka thupi la munthu, kagwiridwe ka ziwalo, tizilombo toyambitsa matenda, ndi óptica, sayansi ya kuwala ndi magalasi. Kenako umayamba kugwira zipangizo, kuyezana nokhanokha ophunzira. Chipangizo chimene chinandiliza ndi retinoscópio, katochi kamene umawalitsa m'diso n'kumayang'ana m'mene kuwala kukuyendera pa kamwana ka diso, uku ukusintha magalasi mpaka kuwalako kuleke kuthawa. Masabata oyamba sindinkaona kanthu, ndinkangovomera kuti eee ndaona. Koma ukachidziwa, ungathe kupeza nambala ya magalasi a mwana wosalankhula kapena agogo osadziwa kuwerenga, popanda kuwafunsa funso. Zaka zomaliza ndi za odwala enieni, moyang'aniridwa ndi aphunzitsi, ndipo pamapeto umalemba kafukufuku wako n'kukamuteteza pamaso pa akuluakulu.

Ku UniLúrio kuli ndondomeko yotchedwa Um Estudante, Uma Família, imene wophunzira wa zaumoyo amapatsidwa banja la m'midzi yozungulira kuti aziliyendera. Kumeneko ndiye ndinadziwa kuti Chinyanja changa chatsala kwathu, kuja anthu amalankhula Chimakuwa. Ndinaphunzira moni, ndi mawu oti tsegulani, tsekani, yang'anani kuno. Mwana wanu akapita, asakanyoze chilankhulo cha eni dera. Ndipo ayesetse Chingerezi chowerenga, chifukwa mabuku ambiri a ntchitoyi ali m'Chingerezi.

Poti wofunsidwayo ndi mtsikana, ndinenepo ichi. Amayi ena anauza amayi anga kuti mwana wamkazi akapita kutali choncho amabwera ndi mimba osati dipuloma. Zimachitika, sindikana, ndipo kawirikawiri chimayambitsa ndi njala: ndalama zikachedwa, amene ali nazo amayamba kukhala wachifundo. Choncho chitetezo cha mwana wanu si kumuletsa kupita, koma kumutumizira kangachepeko pa nthawi yake, kumuimbira foni, ndi kuonetsetsa kuti akukhala ndi atsikana anzake odalirika.

Ukamaliza, dipuloma sikhala ntchito. Ntchito ya boma imabwera ndi concurso, ndipo pamakhala kudikira. Ena amalembedwa m'mashopu a magalasi m'mizinda, ena m'mabungwe oyendetsa ntchito za maso m'midzi ndi m'masukulu. Ndikuuzeni achinyamata, musathamangire kutsegula malo anuanu chaka chimene mwamaliza. Gwirani kaye pansi pa wina zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka pamalo pamene pali dokotala wa maso. Kusukulu umaona glaucoma pa chithunzi, kuchipatala umaiona kambirimbiri mpaka diso lako kuizolowera. Nthawi imeneyi ndi yophunziranso mitengo, kodziwa kogula katundu, ndi kusunga kandalama.

Ikafika nthawi yotsegula, yambani ndi mapepala. Pamafunika NUIT, pamafunika alvará, amene mumakafunsira ku Balcão de Atendimento Único, ndipo poti ndi ntchito yokhudza thupi la munthu, pamafunikanso chilolezo cha akuluakulu a zaumoyo a m'chigawo. Pitani mukafunse mndandanda wa zofunika musanachite lendi nyumba. Ine ndinalakwitsa pamenepa: ndinalipira lendi ya miyezi ingapo chitseko chili chotseka, ndikudikira mapepala amene ndikanayamba kuwayendera kale.

Zipangizo zoyambira si zambiri monga anthu amaganizira. Pafunika tchati choyezera maso, makamaka chija cha chilembo E chotembenuzika, kuti osadziwa kuwerenga azingoloza ndi dzanja kumene miyendo yake yaloza. Munthu amakhala mamita 6 kuchokera pa tchaticho, koma chipinda chikakhala chaching'ono mumaika kalilole pa mamita 3, n'kukwana chimodzimodzi. Pafunika bokosi la magalasi oyesera ndi felemu yake, retinoscópio, oftalmoscópio yoonera mkati mwa diso, choyezera kuthina kwa diso, chowerengera nambala ya magalasi akale, tochi, ndi karula koyezera mtunda wa pakati pa maso. Makina a kompyuta aja oti munthu amangoika chibwano ndi abwino, koma ndi odula ndipo magetsi akazima amangokhala chokongoletsa. Retinoscópio imayenda ndi mabatire, mungapite nayo ku Tsangano kapena ku Furancungo m'chikwama. Makina odulira magalasi musagule poyamba. Gwirizanani ndi labotale ya mumzinda, muzitumiza maoda, ndipo muziuza anthu tsiku loona lodzatenga, osati lowasangalatsa.

Cholakwa changa chachiwiri chinali cha mafelemu. Ndinagula okongola, a mayina, poganiza kuti anthu adzakopeka. Anakhala m'kabati mpaka kuchita fumbi. Anthu athu ambiri amafuna magalasi owerengera, a pakati pa +1.00 ndi +3.00, ndi felemu yolimba yoti ikagwa m'munda isathyoke. Komanso ndalama kuno zimayenda ndi nyengo. Anthu akagulitsa mbewu mumakhala otanganidwa, koma Januwale ndi Febuluwale mungathe tsiku lonse mukuthamangitsa ntchentche. Sungani za nthawi yokolola kuti zikudutsitseni nthawi ya njala. Ndalama ya malo antchito ikhale payokha, ya kunyumba payokha, ndipo lembani chilichonse m'kaundula, ngakhale ngongole ya azakhali.

Koma yesero lalikulu si limeneli. Limabwera tsiku limene lendi yakwana, m'kabati mulibe kanthu, ndiye pakhomo palowa agogo ali ndi ndalama zawo pa mfundo ya chitenje, akuti mwana wanga ndipatse magalasi. Mukawayeza mupeza kuti ndi ng'ala yokhwima, magalasi sangathandize, chofunika ndi opaleshoni. Mungathe kuwagulitsa, sangadziwe, adzangoti mankhwala a chizungu alephera. Tsiku limenelo ndi limene mumadziwika ngati ndinu woyeza maso kapena wogulitsa magalasi. Ine ndimakumbukira amalume anga, n'kulemba kalata yowatumiza kuchipatala. Ndipo ndaona kuti agogo otero akachira amabwera ndi mudzi wonse. Kuno mbiri imayenda msanga kuposa wailesi yathuyi, yabwino ndi yoipa yomwe.

Kodi ntchito ilipo? Bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, linanena mu 2019 kuti anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwo osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapeweka kapena silinathandizidwebe. Koma ife sitifunika kupita kutali ndi manambala. Muno momwe muno, ndi angati mwasiya kuwerenga uthenga wa pa foni, mumapatsa mdzukulu? Ndi ana angati amatchedwa mbuli m'kalasi chonsecho sakuona pa bolodi? Odwala alipo. Chovuta n'chakuti ambiri alibe ndalama, choncho amene akufuna kulemera msanga asankhe ntchito ina. Ntchitoyi imadyetsa, imaphunzitsa ana, koma pang'onopang'ono.

Bambo a ku Dómuè, ndamaliza kukuyankhani. Funsani mwanayo za Física. Mupite naye kuchipatala chathu akapemphe kuonerera ogwira ntchito ya maso ngakhale tsiku limodzi, aone ngati mtima wake ukupirira maso ofiira ndi a mafinya. Akabwerako akufunabe, muthandizeni kukonzekera mayeso, ndipo akalephera koyamba musamukwatitse mwamsanga, mupatseni chaka china monga anandipatsira ine bambo anga. Ng'ombe zikhale m'khola.

Kwa nonse, ndisanakhale pansi: m'diso musathire mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a masamba kapena mankhwala odontheza ogula pamsika, chifukwa ena mwa iwo amakweza kuthina kwa diso. Amene muli ndi shuga, amene mwadutsa zaka 40, ndi amene m'banja mwanu muli wakhungu wosadziwika chifukwa, kayezetseni ngakhale simukumva kupweteka. Lachinayi lachiwiri la Okutobala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira za maso padziko lonse. A wapampando, ngati kalabu ingakonze malo tsiku limenelo, ine ndidzabwera ndi tchati changa ndi bokosi langa, ndipo wophunzira aliyense wofuna ntchitoyi adzabwere adzandigwirire tochi.